Kunja kwa Nelsa Kunali Kutsidya kwa Muloza

Alimi a nandolo a ku Molumbo, kumene Nelsa akugwira ntchito ya ulangizi, amati ukamupatsa mpando amathokoza bwinobwino, kenako n'kuimirira pambali pake. Mayi ake, a Hermínia, amati si za lero: ali khanda ankapalasa miyendo mumbereko ngati ali pa njinga.

Anakulira ku Mongue, mwana wachitatu wa a Celestino, mlimi wa chimanga ndi nyemba. Sekondale anaphunzira m'tauni ya Milange akukhala kwa azakhali ake, kenako anapeza malo ku yunivesite ku Mocuba kukachita za ulimi. Ali m'chaka chachitatu kunamveka kuti ophunzira angapo apita kunja kwa semesita imodzi. Nelsa analembetsa tsiku lomwelo. Mtima wake unali ku Brazil. Foni yake inali itadzaza kale ndi zithunzi za minda ya soya yosaoneka polekezera.

Mphunzitsi woyang'anira za ulendowo anamuitana mu ofesi akumwetulira.

"Wasankhidwa. Iwe upita ku Malawi, ku koleji ya ulimi kufupi ndi Lilongwe. Taona kuti chilankhulo sichikakuvuta."

Nelsa anathokoza, n'kutuluka, n'kuzungulira bwalo la mpira mpaka mapazi kuwawa. Ku Malawi! Komwe azakhali ankamutuma pa kabaza kukagula shuga ndi sopo! Atafika kwawo kudzatsanzika, mchimwene wake Ednilson anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Achemwali akupita kunja, anthuni. Ndege yawo ndi ya tcheni ndi mapedulo."

Anapitabe. Ku kolejiko anamuika chipinda chimodzi ndi Faith, mtsikana wa ku Thyolo, amene tsiku loyamba anangoganiza kuti mnzakeyo ndi wa ku Mulanje. Kumsika, m'minibasi, kutchalitchi, aliyense ankamumva ndipo iye ankamva aliyense. Koma akangolowa m'kalasi, chitseko n'kutsekedwa, zonse zinkasanduka Chingerezi. Chingerezi chake chinali cha ku sekondale, chokwanira kupereka moni ndi kufunsa njira. Mphunzitsi akamafotokoza za michere ya m'nthaka, Nelsa ankagwira liwu limodzi, ena khumi n'kumudutsa. Zambiri ankazidziwa ndithu, koma m'Chipwitikizi. Tsiku lina atafunsidwa funso anayamba bwino, pakati lilime linaterera, n'kumalizira m'Chipwitikizi. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Kuyambira pamenepo dzina lake linali Obrigada, "zikomo" wa Chipwitikizi.

Dzinalo silinamupweteke kwenikweni. Chinamupweteka ndi china. Pa kolejipo panali ophunzira ena ochokera ku Ulaya, obweranso semesita imodzi. Iwo ankafunsidwa za kwawo, ankaperekezedwa kumsika, akanena "zikomo" anthu ankaombera m'manja. Nelsa palibe ankamufunsa kanthu. Mlendo sanali, mwinimudzi sanalinso. Anayamba kusintha malo mulaibulale ngati pampando pali linthumbu. Madzulo ankatsata mpanda wa koleji, kudutsa makola a ng'ombe, kufika kumapeto, kubwereranso.

Lachisanu lina m'mamawa, m'mwezi wa Okotobala umene dzuwa limaswa mtengo, ananyamula kachikwama osauza munthu. Anakwera basi ya ku Limbe, kenako minibasi yodutsa m'minda ya tiyi mpaka pamalire pa Muloza. Atadinditsa pasipoti n'kuona phiri la Tumbine patsogolo pake, anapuma ngati watula mtolo. Anagona kwa azakhali, m'mawa n'kukwera kabaza wa ku Mongue.

Anapeza bambo ake kumunda akuunga mizere. A Celestino anaweramuka, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kufunsa za sukulu.

"Shikola yatsekera?"

"Ayi, Papa."

"Wadwala?"

"Ayi."

"Ndiye khasu lina lili patsinde apo."

Analima moyandikana. Mzere usanathe Nelsa anaima, n'kuyamba kukhuthula zonse: za Chingerezi, za kusekedwa, za anzake amene ankatumiza zithunzi ali ku Brazil atavala majekete. A Celestino ankangomvetsera khasu likugwa. Atafika kumapeto kwa mzere anakhala pa chitsa.

"Nkhondo itatithamangitsa kuno, ine ndinali mnyamata womera kale tindevu," anatero. "Kumsasa ku Malawi kuja anatsegula shikola. Kuno shikola ndinali nditafika nayo patali ndithu, ndinkawerenga Chipwitikizi mpaka akuluakulu ankandiitana kuti ndiwawerengere. Kumeneko anandiyesa Chingerezi, n'kundikhazika pansi pamodzi ndi tiana tamamina. Bondo langa linkafika paphewa pa mnzanga. Sindinapirire. Ndinathawa, n'kumakathyola tiyi."

"Ndiye mukuti ndibwerere?"

"Ine sindinanene zimenezo. Wakula, uli ndi mutu wako. Ndikungokuuza kuti mpaka lero ndikamva Chingerezi pa wailesi ndimapotokola, ndipo sindidziwa amene ndimamukwiyira."

Anadzuka n'kuyamba mzere wina.

Lamulungu potuluka m'tchalitchi, amayi a mumpingo anamuzungulira. "Wabwerako kale kunjako? Kunali bwanji? Watitengera chiyani?" Ednilson anali chapatali, akuluma mlomo kuti asaseke. Masana Nelsa anakhala pakhonde, n'kudzuka, n'kupita kuchitsime popanda ndowa, n'kubwerera. Mudzi umene ankaulota ali ku Lilongwe unali utamuthina kale ngati diresi la paubwana. Mayi ake anamuyang'ana kuchokera pomwe ankapeta nyemba.

"Iwe, ukundizunguza mutu. Ngati ukupita, pita. Ngati ukukhala, khala."

Kutacha ananyamuka.

Faith anamulandira ndi ukali. Anali atamufunafuna paliponse, foni osagwira, mpaka kukanena kwa oyang'anira hositelo.

"Ukanagwa m'ngozi ndikanauza ndani? Kwanu sindikudziwa n'komwe. Munthu umangosowa ngati nkhuku?"

Nelsa anapepesa, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuuza mnzakeyo kuti m'kalasi samva. Faith anadabwa. Ankayesa kuti ndi matama chabe a mtsikana wosafuna kuyankhula.

Anayesa kuwerengera limodzi patebulo, koma zinakanika, chifukwa Nelsa ankangodzukadzuka. Ndiye anasamukira panja. Madzulo aliwonse ankatsata mpanda uja awiri, Faith akubwereza phunziro la tsikulo m'Chichewa, n'kumaponyamo mawu a Chingerezi limodzilimodzi, Nelsa akuwatola n'kuwagwirizanitsa ndi a Chipwitikizi amene anali nawo kale m'mutu. Pobwerera inali nthawi ya Faith yophunzira Chipwitikizi. Iye ankafuna mawu ogulira nsalu ndi otukwanira, basi.

Sikuti zinthu zinasanduka zokoma. M'kalasi ankatsalirabe, ndipo masiku ena ankadzuka atatsimikiza kuti lero ndiye akupita osabweranso. Koma Lachisanu linkafika n'kudutsa iye ali pomwepo. Mayeso atabwera anakhoza maphunziro onse kupatula la masamu owerengera zokolola, limene anakalibwereza ku Mocuba. Anawoloka Muloza mvula itayamba, chikwama chitalemera ndi mabuku ojambulitsa.

Atamaliza yunivesite anamutumiza ku Molumbo, n'kumupatsa njinga yamoto yakale. Mankhwala ambiri opopera amene alimi amagula kumeneko amachokera ku Malawi, ndipo malangizo a pabotolo amakhala m'Chingerezi. Mwezi wathawu, pa msonkhano wa alimi pansi pa mtengo wa mango, a Osório, amene amalima nandolo wambiri kuposa onse m'deralo, anatulutsa botolo m'thumba.

"Alangizi, tationerani. Wogulitsa anati tizithira zivindikiro zitatu."

Nelsa analitembenuza, n'kuwerenga milomo ikugwedera.

"Chimodzi chokha, bambo, pa chopopera chodzaza. Ndipo musapopere maluwa ali pamtengo dzuwa litakwera, mupha njuchi."

Ena anayamba kutulutsa mabotolo awo. Anawawerengera onse, maso akuthawirathawira kumwera kumene mtambo unkada. Kutsidya kwa mtsinje wina wa m'deralo kunali gulu lina la alimi lomudikira, ndipo mtsinje umenewo ukadzaza sudutsika. A Osório anamuitanira chinangwa chowotcha kunyumba kwawo. Anatenga chidutswa chimodzi, n'kuchiika m'thumba la jekete, n'kuliza njinga.