Wotchi Yanga Ili mu Dilowa ya Ahedi

Ndinadandaula koyamba kwa ahedi a sukulu yathu Lachiwiri la sabata yachitatu ya teremu yachiwiri, chaka chino. Kalatayo ndinailemba pamanja nditaika pepala la kaboni pansi pake, ndipo kope lake lili mu fayilo yanga yobiriwira. Kachiwiri ndinadandaula Lachisanu la sabata yachisanu ndi chiwiri. Kachitatu sindinalembe, ndinapita ndekha, ndipo zomwe tinakambirana ndinazilemba nditangofika kunyumba, ndisanavule nsapato. Mpaka lero palibe yankho, ngakhale la mzere umodzi.

Ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito. Nyumba yanga ili pampata, pomwe njira imadutsa pakati pa mapiri awiri, chakumalire a Dowa ndi Ntchisi. Kum'mawa kwa mpatawo kuli sukulu ya pulayimale. Kumadzulo kuli chigwa chakuya, ndipo m'chigwamo muli esiteti ya fodya ndi nyumba za matenanti. Ana a matenantiwo amadutsa pakhomo panga m'mawa uliwonse.

Pa msonkhano wa makolo, ahedi a sukuluyo ananena mawu awa, ndipo ndinawalemba kuseri kwa pepala loitanira msonkhanowo: "Makolo, musavutike ndi za mawotchi. Mwana azinyamuka dzuwa likangotuluka, afika belu la hafu seveni lisanalire." Anthu anaomba m'manja. Kwa mwana wa m'midzi ya kum'mawa mawuwo ndi oona. Koma ahediwo sanatsikepo m'chigwa muja. Ine ndinatsika m'mawa katatu, wotchi ili pamkono. Dzuwa likamawala pamalata a sukulu, kuesiteti kumakhala kudakali mthunzi wa phiri, ndipo limafikako patapita pafupifupi ola lathunthu. Kukakhala mitambo ndiye musanene. Makolo amakhala atapita kale kumunda, foni ngati ilipo ili m'thumba mwa bambo. Mwana amatsala akuyang'ana pamwamba pa phiri, kudikira dzuwa monga momwe anauzidwira.

Ndiye amachedwa. Ochedwa salowa m'kalasi. Amapatsidwa chibalo chotchetcha udzu kuseri kwa zimbudzi mpaka phunziro loyamba lithe. Mu Sitandade 3 phunziro loyamba ndi masamu, ndipo teremu imeneyi mutu wake unali wa kuwerenga nthawi. Taganizani. Ana omwe akufunika kwambiri kudziwa wotchi ndi omwe anali panja ndi zikwakwa pamene anzawo amaphunzira wotchi. Kalata yanga yoyamba inali ya zimenezi basi. Ndinapempha kuti chibalo chizichitika akaweruka, kapena masamu asunthidwe. Palibe anayankha.

Pakati pa anawo panali kamtsikana ka Sitandade 3, kamene makolo ake anachokera ku Phalombe. Kankaima pampopi wa thanki ya madzi a mvula kuseri kwa nyumba yanga kutsuka matope m'miyendo. Tsiku lina pobwerera kanandipeza ndikusoka thumba pakhonde, nkugwada chapatali.

"Agogo, hafu seveni munthu amaidziwira chiyani?"

"Bwanji?"

"Aphunzitsi apageti amatifunsa tsiku lililonse. Amati, 'Nthawi ili bwanji, inu a kuesiteti? Mwabwera kudzatsegula sukulu kapena kudzatseka?' Tikakhala chete anzathu amaseka."

Ndinaika singano pansi. Zaka zanga zonse za uphunzitsi sindinafunsepo mwana funso lomwe sindinamuphunzitse yankho lake.

Ndinatenga chivundikiro cha ndowa ya penti, ndinalembapo manambala ndi khala, nkukhomera pakati kansungwi kamodzi kafupi. Kamodzi kokha. Aphunzitsi a masiku ano amajambula wotchi pabolodi ndi mivi iwiri nthawi imodzi, mivi yosayenda, kenako amadabwa ana akasokonezeka. Muvi waufupi uyambe wokha, sabata yathunthu. Mwanayu ankabwera akaweruka, ndipo mayi a kunyumba ankamupatsa chimanga chootcha kuti mutu ugwire. Sabata yachiwiri ndinawonjezera muvi wautali, ndipo tinaika njere za chimanga zisanuzisanu pakati pa manambala kuti aziwerenga mphindi ndi chala.

Anavutika pamalo amodzi. Ndikaika hafu seveni, iye amati hafu eyiti, chifukwa muvi waufupi wayandikira eyiti.

"Iwe," ndinatero, "ukachoka kwanu nkufika pampata pano, wafika kusukulu?"

"Ayi."

"Wachoka kuti?"

"Kwathu."

"Muvinso wachoka pa seveni, pa eyiti sunafike. Uzitchula komwe wachoka."

Anayang'ana chivundikirocho nthawi yaitali, kenako anaseka nkudzimenya pachipumi. Sanalakwitsenso.

Koma chivundikiro cha ndowa sichiyenda chokha. Mwana akhoza kudziwa kuwerenga wotchi, nanga aiwerengera pati? Ndinavula yanga. Ndi wotchi yakale yopukusa pamanja, yosafuna batire, yomwe ndinagula ku Ntchisi Boma ndili mnyamata, ndipo risiti lake ndili nalo. Lamba wake anali wamkulu, choncho mayi a kunyumba anaimangirira pa kansalu kuti azivala m'khosi, mkati mwa yunifolomu. Ndinamuonetsa kapukusidwe kake. Ndinalembanso timapepala tiwiri tonena kuti ndamubwereka wotchiyo mpaka teremu itatha, ndinasaina, kamodzi ndinapatsa bambo ake, kena ndinasunga.

Apa ndivomere cholakwa changa, chifukwa sindifuna wina adzachitulukire ngati chinsinsi. Sindinapite kukauza asukulu. Ndinaganiza kuti mwana akafika pa nthawi, palibe amene angamufunse chifukwa chake.

Masiku anayi anafika pa nthawi, iye ndi ana ena onse a kuesiteti, chifukwa tsopano ankagogoda m'makomo mwa anzake kudakali mthunzi. Ndinkawamva akudutsa akumufunsa, "Tatiuze, ili bwanji?" iye nkuyankha monyada ngati woulutsa mawu pa wailesi.

Tsiku lachisanu anadutsa pakhomo panga kutatsala mphindi zisanu kuti ikwane seveni. Anandionetsa yekha. Kuchoka pampata kufika kusukulu ndi ulendo wa mphindi makumi awiri kwa mwana. Atafika anapeza belu lalira kale, anzawo ali pamzere, aphunzitsi apageti ataima ndi zikwakwa.

Muyenera kudziwa mmene belu la pasukulu ija limalirira. Ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pa mtengo. Sichimenyedwa poyang'ana wotchi ayi. Chimamenyedwa njinga yamoto ya ahedi ikamveka. Akachedwa ndi matope, hafu seveni imachedwa. Akafulumira, nayonso imafulumira. Tsiku limenelo anali ndi msonkhano kwina, ndiye analawira.

Zotsatirazi ndinazimva kwa mwanayo ndi kwa anzake awiri, aliyense payekha, ndipo mawu awo akugwirizana. Aphunzitsi apageti anafunsa funso lawo la masiku onse lija.

"Nthawi ili bwanji, inu a kuesiteti?"

Mwanayo anapisa dzanja m'khosi, natulutsa wotchi.

"Kota pasiti seveni, aphunzitsi. Belu lalira msanga."

Kenako ana a pamzere anayamba kuseka, ndipo ulendo uno osekedwa sanali a kuesiteti. Mphunzitsiyo anakoka kansalu kaja mpaka kanaduka.

"Mwana wa tenanti, wotchi ngati iyi waitenga kuti?"

"Andibwereka agogo a pampata."

"Agogo ako ali ku Phalombe, iwe. Waba kwa ndani?"

Anamuimika kutsogolo kwa sukulu yonse, ndipo ahedi, chipewa cha njinga chili kale kumutu, anauza ana kuti ayang'ane bwino nkhope ya wakuba ndi wamwano. Ananena zimenezo nkukwera njinga kupita ku msonkhano wawo. Palibe anatuma mwana kudzandifunsa, ngakhale denga la nyumba yanga limaoneka munthu ataima pakhomo la ofesi.

Madzulo ake bambo a mwanayo anabwera. Anakhala pansi, mpando anaukana, manja akuda ndi utomoni wa fodya.

"Aphunzitsi, tathokoza, munafuna kutithandiza. Koma mwana sapitanso."

"Bambo, kapepala kaja muli nako. Tipite limodzi mawa."

"Ife kuno ndife alendo. Akapitawo amva kale. Andifunsa kuti kodi m'nyumba mwanga muli za anthu zingati. Chikangosowa chikwanje pa esiteti, ayambira kwa ine. Ndikakangana ndi ahedi, mawa ndine wovuta. Inu muli pamudzi panu. Ine fodya wanga ali m'chigafa cha eni."

Munthuyo sananame. Kuyambira tsikulo mwanayo amakhala m'chigafa kusoka fodya ndi mayi ake. Apa ndi pomwe ndinalemba kalata yachiwiri, ndipo itakhala chete sabata ziwiri, ndinavala jekete nkupita ndi fayilo yanga.

"Aa, achikulire," anatero ahedi, osadzuka. "Nkhani ija tikuifufuza."

"Mukufufuza chiyani? Mwini wotchi ndine, ndipo ndaima pano."

Ndinawaonetsa risiti. Anati risiti silikunena kuti ndinapatsa mwana. Ndinawaonetsa kapepala kobwereketsa. Anati kapepala munthu akhoza kulemba dzulo. Ndinawaonetsa makope a makalata anga awiri, tsiku lolandirira litasainidwa ndi wachiwiri wawo. Anati nkhani za mwambo zimadikira komiti, ndipo komiti ikumana anthu akatha kukolola.

"Nanga belu?" ndinafunsa. "Linalira msanga kapena ayi?"

"Achikulire, mwana sangaimirire pagulu kukonza mphunzitsi. Inunso munali mphunzitsi."

"Ndinali. Mwana akandikonza molondola ndinkamupatsa choko kuti akalembe pabolodi."

Anatsegula dilowa kuti aike mapepala ena, ndipo ndinaiona wotchi yanga ili pakati pa zidindo ndi makiyi. Inali itaima. Palibe anaipukusa. Pamwamba pa kabati, kumbuyo kwawo, panali wotchi yathabwa yophunzitsira ana, ya mivi yoyendetsa ndi chala, idakali mu pulasitiki yake. Ndinafunsa chifukwa chake siili m'kalasi. Anati ana angaiwononge.

Ndinatuluka ndisananene mawu omwe ndikanachita nawo manyazi powalemba.

Sabata yatha ndinatsikira kuesiteti. Mwanayo ndinamupeza atakhala pamulu wa masamba, singano yaitali m'manja. Pansi pafumbi, pambali pake, anali atajambula bwalo ndi manambala, timitengo tiwiri tili pakati. Atandiona anafufuta ndi phazi.

Fodya akagulitsidwa banjali libwerera kwawo. Mwanayu adzafunika kalata yosamukira kuti akalandiridwe pasukulu ina, ndipo bambo ake sadzapita kukaipempha mu ofesi momwe mwana wawo amatchedwa wakuba. Akachoka popanda kalatayo, sukulu yake yathera m'chigafa, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chifukwa choyankha molondola funso lomwe anafunsidwa.

Choncho, kwa a komiti ya sukulu ndi kwa amene amayang'anira sukulu za m'dera lino, ine mwini wotchi ndikupempha mwaulemu izi. Mwanayu ayeretsedwe pamaso pa ana onse, pamalo omwe anamuimika paja, ndipo akapitawo a kuesiteti auzidwe ndi kalata. Abwerere m'kalasi, ndipo tsiku losamuka apatsidwe kalata yake yopanda chilema. Wotchi mumubwezere iyeyo m'manja, osati ine, pakuti teremu yomwe ndinamubwereka sinathe. Belu lizilira pa hafu seveni ya pa wotchi. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe molemba, ndi siginecha ndi chidindo, mabelo a fodya asanakwere lole. Makope a zonse ndatchulazi ali mu fayilo yobiriwira, ndipo aliyense wofuna kuwaona andipeza pampata.