Majasi a mu Okutobala

Amene anayamba kundiuza kuti kaunjika wadzaza m'tauni anali alamu anga a ku Zingwangwa, achemwali awo a bambo a kunyumba. Anatipeza kwathu ku Ndirande tsiku lina Loweruka atavala diresi la maluwa, ine n'kuyamba kulizungulira ndi maso, pajatu ntchito yanga inali ya utelala. Msoko wake unali wowongoka ngati wolemba ndi rula.

"Alamu, telala ameneyu ndi wa kuti?"

"Wa ku Ulaya," anatero akuseka. "Ndipo mtengo wa diresi lonseli sukufika pa ndalama imene inu mumatchaja kusoka kokha. Tsegulani maso, alamu, makina anuwa ayamba kugona."

Ndinawayankha kuti zovala za anthu akufa ine ayi, chifukwa ndi mmene anthu ankanenera masiku amenewo. Iwo anati ngati ndi choncho ndiye kuti ku Ulaya anthu amamwalira atachapa ndi kusita.

Inali nthawi imene matipate anali atangolowa kumene. Pa wailesi madzulo alionse ankakamba za msika waufulu, kuti tsopano aliyense atha kuitanitsa katundu kunja. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye zambiri zinkangondidutsa, koma zimene ankanenazo ndinkaziona ndi maso. Sopo wa ku Joni, zitenje za ku Tanzania, mapoto, nsapato, zonse zinali mbwee m'mphepete mwa msewu. Amayi amene kale ankaopa ngakhale kukwera basi ya ku Limbe okha anayamba kudumpha malire ndi zikwama zikuluzikulu. Zinali zokoma kuona, sindinama. Koma pakhonde panga, pamene ndinkasokera, anthu anayamba kuchepa. Otsala ankangobwera kudzabweza chiuno cha siketi imene agula pa kaunjika.

Kenako fakitale ya nsalu imene bambo ankagwirako ntchito inayamba kuchepetsa anthu, poti nsalu yawo sinkayendanso malonda. Tsiku lina anabwera masana dzuwa lili pamutu, envulopu ili m'thumba la malaya. Anakhala pampando osavula nsapato. Nditawapatsa madzi anati, "Mayi, ndalama zimene anditsanzika nazo ndi izi. Tiyese nazo chimene tingayese. Koma mvula yoyamba ikagwa tisanapeze chogwira, tikumanga katundu, tikupita kwanu ku Phalombe. Sindingakhale m'tauni kumaonerera ana akugona ndi njala."

Kumudzi sindinkadana nako, ndi kumene kuli mchombo wanga. Koma kamunda ka amayi anga anali atagawana kale azichemwali anga atatu, n'kutisiyira kambali kochepa chabe, ndipo ife tikanakafika ndi ana anayi obadwira m'tauni, osadziwa ndi mpini womwe. Woyamba, mtsikana, anali mu Sitandade 8, aphunzitsi ake akuti ali ndi mutu. Usiku ndi usana pemphero langa linali limodzi: Ambuye, mutisiye konkuno.

Ndiye ine amene ndinkanyoza zovala za akufa ndinapita ku Zingwangwa kukagwada kwa alamu kuti andiphunzitse geni. Anandiuza kuti kaunjika amapikula ku Limbe, pa belo, ndipo belo satsegula usanalipire. Chimene wapeza m'katimo ndi chako, chabwino kaya choipa. Anati ndiwadikire abwere kaye ku maliro ku Thyolo kuti tikapite limodzi. Koma mitambo inali itayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri la Ndirande madzulo, ndiye sindinadikire. Lolemba m'mawa ndinati, "Bambo, tiyeni. Inu mumadziwa nsalu, ine ndimadziwa kusoka. Chingativute n'chiyani?"

Ku holoselo kuja mabelo anali atasanjikizana mpaka kudenga, omangidwa ndi mawaya. Ine ndinakulira pa chimanga, ndipo thumba labwino ndimalidziwa: umalimenya ndi chikhatho, umalinyamula pang'ono, lolemera ndi lothina ndiye lako. Ndinayenda ndikumenya mabelo aja limodzilimodzi mpaka ndinapeza lina pakona, lalikulu kuposa anzake, lolimba ngati mwala. Pambali linali long'ambika pang'ono. Bambo analowetsapo zala ziwiri, n'kutsinzina.

"Ubweya weniweni uwu," ananong'ona. "Nsalu ngati iyi kuntchito tinkangoimva mbiri."

Titafunsa mtengo, unali wotsika kuposa wa mabelo ang'onoang'ono. Bambo wogulitsayo anatiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, limenelo ndi la mu Juni. Tengani ili la mabulauzi."

Ine ndinawatsina bambo pamkono. Ndinkawadziwa anthu a pamsika: ukaloza chinthu chabwino chotchipa, amakukankhira ku chodula. Ndinati, "Achimwene, Juni adzatipeza tili nalo. Tikufuna lomweli." Anangokweza mapewa n'kulemba lisiti.

Kondakitala wa minibasi anatilipiritsa mipando iwiri ya belo lokha, akuti, "Amayi, mwaphatikizamo ndi mwini wake wa zovalazi?" Kuchokera pa siteji tinalikweza pa wilibala, ine pambuyo ndikuyenda ngati ndagula galimoto.

Alamu anali atandiuza kuti tsiku lotsegula belo umaitana anthu, chifukwa osankha oyamba ndi amene amalipira bwino. Ndiye ndinaitana amayi anzanga a kutchalitchi, aneba, ndi akazi a landilodi omwe. Tinayala mikeka pabwalo. Kunkatentha tsiku limenelo moti nkhuku zinali yasaa kukamwa pansi pa mtengo wa mapeyala. Amayi a abusa anaika dzanja pa belo n'kupemphera kuti m'menemo mutuluke madalitso osefukira. Tonse tinati ameni. Bambo anadula mawaya ndi pulayala, belo lija n'kufufuma ngati mtanda wa mandasi.

Choyamba kutuluka chinali chijasi chakuda chofika m'akakolo. Chachiwiri, chijasi. Chachitatu chinali ndi ubweya m'khosi ngati mkango. Tinafukula mpaka pansi, tikuyembekeza kuti mwina kabulauzi kamodzi kasocheramo. Ayi ndithu, majasi okhaokha, ena olemera ngati mwana wa zaka ziwiri, ena osalowa madzi ngati lona.

Kenako akazi a landilodi anati, "Koma pemphero lija layankhidwa, zasefukiradi." Bwalo lonse linagwa nacho chiseko, amayi a abusa mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Nanenso ndinaseka, nanga n'kutani. Bambo sanaseke. Analowa m'nyumba, ndipo ndinawamva akusuntha sutikesi pansi pa bedi.

Alamu atabwera ku maliro anagwira m'chiuno. "Ndinati mundidikire! Munthu wakuuzani kuti la mu Juni, inu mumati akukunamizani? Kwawoko kukamazizira kuno kumatentha, alamu. Geni imeneyi umayang'ana kalendala, osati kulemera."

Sabata yathunthu ndinakhala nawo pamsika wa Ndirande. Anyamata a mabenchi oyandikana nane anandipeza chosewera nacho. "Amayi, mwamva pa wailesi kuti kugwa matalala?" Wina ankati akadutsa amadzigwira mapewa n'kumanjenjemera dala, thukuta lili kamukamu. Anthu ankaima, kugwira nsalu, kuyamikira, n'kumapita. Sindinagulitse ngakhale limodzi.

Madzulo ndinkapisa m'matumba mwa majasi aja powakonza. Ndinapezamo tikiti ya basi ya zilembo zachilendo, golovesi imodzi ya mwana, ndi kapepala kolembapo zinthu ngati zokagula kusitolo. Ndinkaganiza za mayi amene analemba kapepalako, kuti kaya ali moyo, kaya akudziwa kuti jasi lake linawoloka nyanja pa sitima, n'kukwera lole, n'kudzafika pa mkeka wanga. Ndinkamupempherera nayenso. Zinkandidabwitsa kuti zovala zomwezi ndi zimene zawachotsetsa ntchito bambo, ndipo ndi zomwezinso ndikuzipempha kuti zitidyetse.

Lachisanu lina ndikuchokera ku mapemphero a m'mawa, dzuwa lisanatuluke bwino, ndinakumana ndi mkulu wina wa mumpingo mwathu akutsika njira yochokera ku Nyambadwe. Ankagwira ntchito ya ulonda kumayadi. Anali atafunda chitenje cha akazi awo pamwamba pa yunifolomu, chibonga m'khwapa, nkhope yonse ili ndi timatuza.

"Akulu a mpingo, chitenje mu Okutobala?"

"Mayi, inu mumagona m'nyumba," anatero. "Khalani pa simenti kuyambira madzulo mudzaone mmene kumachitira kukamacha. Mphepo yake imalowa m'mafupa. Ndiye udzudzu wa kumayadi ndi wonenepa ngati eni nyumba, umaboola ndi yunifolomu yomwe."

Ndinaima pomwepo ngati wandigwira phewa munthu. Masiku amenewo umbava unali utachuluka, aliyense wa kumayadi ankamanga mpanda ndi kulemba mlonda, ndipo ambiri mwa alondawo ankakhala konkuno kwathu. Ine ndinkagulitsa majasi masana kwa anthu amene akumva kutentha, pamene ozizidwa anali m'tulo.

Ndinawatengera kunyumba, n'kuwaveka lija la ubweya m'khosi. "Ili mukavale ulere sabata ino. Anzanu akakafunsa, mukawauze kuti Lolemba m'mawa ndidzakhala pa mphambano ya kumunsi kwa chigayo."

Masiku awiri amenewo makina anga anadzuka. Majasi aatali kwambiri ndinawadula kuti munthu athe kuthamanga, zidutswa zake n'kusokera zipewa zophimba makutu. M'kati mwa lililonse ndinaikamo thumba lalitali la tochi ndi lina la kawailesi. Kenako ndinapita kwa bambo.

"Bambo, mawa muvale limodzi muime pamsewu."

"Ine? Anzanga a kufakitale andione nditavala chimenechi mu Okutobala? Adzati ntchito itatha mutu unatsatira."

"Adzati mwanenepa. Valani."

Anavala, akung'ung'udza. Lolemba lake tinaima pa mphambano paja tisanamwe ndi tiyi yemwe. Akulu a mpingo aja anatsika ndi anzawo asanu, iwo ali patsogolo ndi ubweya wawo m'khosi ngati nduna. Mmodzi anagwira jasi n'kunena kuti mwina ndi lapulasitiki, lotentha pachabe. Apo ndiye bambo anasintha. Anasolola ulusi umodzi m'mphepete, n'kuyatsa machesi.

"Nunkhizani, achimwene. Mukumva ngati tsitsi lapsa? Umenewo ndi ubweya wa nkhosa. Lapulasitiki limasungunuka n'kuchita kampira. Ine nsalu ndagwira zaka zambiri, sindingakunamizeni. Ili mudzasiyira mwana wanu."

Anthu aja anayamba kupatsirana kaulusi kopsa kaja, aliyense kununkhiza. Ndinawayang'ana bambo, thukuta likutsika m'masaya, manja akulankhula, mawu atabwerera mwakale. Chichokereni kuntchito ndinali ndisanawaonepo choncho. Tsiku limenelo tinagulitsa awiri, ndipo chipewa ndinkaperekera ngati basela. Mawa lake atatu. Alonda amauzana nkhani pa mageti usiku wonse, ndiye pofika kumapeto kwa mwezi kunkabwera ena ochokera ku Chilomoni ndi ku Machinjiri, akufunsa za mayi wa majasi a thumba la tochi. Anyamata a pamsika aja, mmodzi anadzabwera mwakachetechete kudzagulira bambo ake. Ndinamufunsa ngati matalala agwa kwawo.

Komabe mulu unali udakalipo ndithu pamene mvula inabwera. Inagwa Lachitatu masana, ya mabingu, madzi ofiira n'kumathamanga m'tinjira ta Ndirande. Ana anatuluka kukavina pabwalo. Ine ndinakhala pa makina osapalasa, chifukwa mawu a bambo aja sanali oiwalika, ndipo iwo si munthu wobweza mawu. Anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana kunja, manja kumbuyo. Fungo la dothi lonyowa linadzaza m'nyumba, lija limakumbutsa munthu aliyense wobadwira kumudzi kuti mbewu ikudikira.

"Mayi," anatero osatembenuka.

"Bambo."

"Mvula imeneyi alonda anyowa nayo lero. Aja okhala ngati lona aja, atsala angati?"

"Alipo ndithu."

"Muwaike pamwamba. Mawa tilawirire." Kenako anati, "Ndipo mulembe kalata kwanu, muwauze achemwali anu adzale mbali yathu ija. Chaka chino asatiyembekeze."

Ndinalowa kuchipinda n'kugwada, ndinkangoti zikomo, zikomo, mvula ikusokosera pa malata.

Mtsikana wathu analemba mayeso ake konkuno ndipo anasankhidwa kupita ku sekondale. Belo lachiwiri tinakapikula ndi alamu, ine manja ndili nawo kumbuyo kuti ndisamenyenso kanthu. Za msika waufulu mpaka lero sindidziwa kuti ndinene kuti unatithandiza kapena unatipweteka, chifukwa anzawo ambiri a bambo anakweradi malole kubwerera kumudzi, ndipo ena sitinawaonenso. Ife tinatsala, osati chifukwa cha nzeru, poti mwaona nokha mmene nzeru zanga zinathera pa holoselo paja.

Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada muzitikumbukirako. Bambo maso ayamba kuchita chifunga, ine miyendo siilolanso kupalasa makina nthawi yaitali, ndipo ana ndi zidzukulu ali m'tauni muno kusakasaka monga tinkachitira ife. Mutitchuleko pamaso pa Mulungu, ife ndi nyumba yathu yonse.