Tsiku lomwe munakhala mpando wakumbuyo

Lero ndadutsa pa tauni ya Manassas, Ababa, ndipo mwandibwerera m'mutu. M'ma 1980 muja, mutapuma pantchito yoyendetsa akazembe, munalumbira kuti mukaiona nyanja ya ku California ndi maso anu. Tinanyamuka ku Lanham komwe tinkakhala, inu pa chiwongolero, Amayi pambali panu, ine kumbuyo. Sitinapite patali. Pa Manassas pomwepa dzanja lanu lamanja linachita dzanzi, pakamwa n'kupotoka. Inali sitiroko.

Potitulutsa m'chipatala, dokotala anati musadzagwirenso chiwongolero. Amayi analira, achibale pafoni nawo akuti, "Bwererani kunyumba, akalamba awo, akapume." Inu munangondiponyera makiyi ndi dzanja lamanzere, n'kukaima pa chitseko chakumbuyo, osachigwira. "Iwe dalaivala, tsegula," munatero, mawu akukoka. "Zaka zonsezi ndakhala ndikutsegulira anthu. Lero bwana ndine." Ndinayendetsa mpaka kunyanjako, tikuima kawirikawiri kuti mumwe mankhwala, inu mukundikalipira pa kona iliyonse ngati bwana weniweni. Ndiye wina asadzandiuze kuti matenda anakugonjetsani. Sitiroko ija inkati ikutsitseni m'galimoto, Ababa, koma inangokukwezani pantchito.