Kukatenga ndalama za malo kwa a Alufandika

Ndinanyamuka ku Chirimba sikisi koloko m'mawa, Lachitatu, ndisanamwe ndi tiyi yemwe. Mtima unali ukuwira kale. Malo omwe tinamangapo mashedi athu, ife atelala, akalipentala ndi owotcherera, mwiniwake anali kugulitsa. Anatipatsa mpaka Lachisanu kuti tipereke theka la mtengo, apo ayi agulitsa kwa munthu wina wofuna kumangapo nyumba zalendi. Tinali titasonkha mwezi ndi mwezi kwa zaka zitatu, koma msungichuma wathu, a Alufandika a ku Zingwangwa, anali atasiya kuyankha foni. Anzanga anati, "Mayi Phiri, inu pakamwa panu mpakuthwa, pitani ndinu."

Minibasi ya m'tauni inali K1,500, ndipo anatipanikiza anayianayi. Mayi wina wa geni anandikhazika dengu la tomato pamiyendo osapempha n'komwe.

"Mwakwiyira ndani m'mawa uno, asisi?" anandifunsa.

"Ndikukatenga ndalama za gulu."

"Za gulu? Pepani." Minibasi yonse inaseka, ine ayi.

Pa Magalasi tinaima nthawi yaitali pamzere wa magalimoto, ndipo ndinakumbukira msonkhano wathu woyamba. Ndinanena ine kuti titsegule akaunti kubanki, osainira akhale atatu. Anandiseka. Ati banki imadula ndalama mwezi uliwonse, ati a Alufandika ndi wapampando wa mphakati kutchalitchi, sangabe. Za loya ndi munthu woyeza malo palibe anazitchula, ngati kuti malo amagulidwa ngati bonya pamsika.

M'tauni ndinagula mandasi awiri, ndikukwera ya ku Zingwangwa yomwe inkaoneka yodzaza. Anthu asanu anali ongokhalira mipando kuti atikope. Tikamalowa ife, iwo ankatsika mmodzimmodzi. Tinanyamuka naini koloko itadutsa. Pamsika wa Zingwangwa ndinakwera njinga yamoto ya K1,000, ndipo m'njira yamiyala yokwera mtunda ndinatsala pang'ono kuluma lilime.

A Alufandika ndinawapeza pakhonde, atakhala phee, kope lili pamwendo.

"Takulandirani, mayi. Kunyumba mwasiyako bwanji?"

"Moni tipatsana pambuyo, bambo. Ndalama zathu zili kuti?"

Analowa m'nyumba, nabwera ndi chitini cha mkaka. Ndinawerenga kawiri ndalama zomwe zinali m'menemo. Sizinafike ngakhale theka la zomwe mwinimalo ankafuna.

"Mwadya ndalama zathu, inu munthu wopemphera!"

"Sindinadye olo tambala. Tawerengani kopeli."

Zonse zinalembedwa bwinobwino, ndi dzanja losamala. Bokosi la mwana wa kalipentala wathu wina. Ufa ndi nkhuni za pasiwa. Galimoto yonyamula maliro kupita ku Nsanje. Tsamba ndi tsamba, maliro okhaokha.

"Mnzathu akabwera akulira, mtembo uli kumotchale, ndimuuze kuti ndalamayi ndi ya malo?" anatero. "Aliyense amati abweza."

"Ndiye wabweza ndani? Malo sagulidwa ndi chisoni, bambo! Mumafuna tikasokere pati? Bwanji simunatiitane n'kutiuza?"

Ndinakalipa mpaka anthu oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda. Ndikutembenuza masamba mwaukali choncho, ndinaona dzina langa. Pafupi pake analemba: lole ya ku Mulanje, maliro a bambo Phiri. Amuna anga anamwalira chaka chatha.

"Izi munandiuza kuti ndi chipepeso cha anzanga."

"Nanga si za anzanu, mayi? Tsiku limene lija mukanafunsa kuti zachokera kuti?"

Sindikanafunsa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandipsetsa mtima koposa. Ndinamanga zotsalazo pachitenje, ndikutsika mtunda wapansi kuti ndisaonongenso K1,000.

Njira yonse yobwerera ndinkafuna munthu woti ndimutukwane, koma ndinamusowa. Wakuba tikanamugwira n'kupita naye kupolisi. Ife tinaika ndalama ya malo m'nyumba ya munthu amene sangathe kukana maliro, ndipo tonse tinkadziwa kuti sangathe, chifukwa nafenso sitikanatha. Ndikadali wokwiya mpaka lero, ndi a Alufandika, ndi anzanga amene anaseka za banki, ndiponso ndi ine mwini.

Nditatsika ku Chirimba cha m'ma thu koloko, anzanga anali kundidikira kushedi. Sindinapite msanga. Ndinayamba ndazungulira m'magolosale kufunsa kuti khonde loikapo makina osokera akuchititsa lendi zingati pamwezi.