Dambe la aTicha Njobvu

Anzanga, ikani mafoni pansi, khalani apa mumvere, iyi sininaikepo pa gulupu.

Kwathu ku Kavalamanja tinali na neba, aTicha Njobvu, opuma pa nchito. Nikawakumbukira nimamva utsi wa nsomba zowamba kuseri kwa nyumba yao, na mwala ukugogoda pa malambe, chifukwa mudala uja malambe anali kuwakonda maningi. Ine sukulu ninali nitasiya, koma masamu anali kunizungulira m'mutu monga nyimbo. Nikawatungira madzi, anali kunilembera na khala pa bwato lao lakale logona pabwalo: (x² + 3)⁵, difarenshiyeta.

Ine changu! Tsitsa 5 kutsogolo, pawa ichepe na imodzi, 5(x² + 3)⁴, nanyamuka. ATicha dambe pamsana panga, phwa.

"Waswa chigoba, ufa wasiyira ndani?"

Ufa ni za mukati mwa bulaketi. Nazonso uzidifarenshiyete, x² + 3 ikupatsa 2x, uchulukitse, ansa ni 10x(x² + 3)⁴. Msana wanga unadya malambe mpaka zinalowa.

Manje chaka china sitiroko inawagwira. Pobwera kuchipatala, kamwa yopotoka, dzanja lamanja lakufa, mawu kulibe. Ana ao anachoka ku Lusaka, nakhala pamphasa pamaso pao penipeni kukambirana zowatenga, ati adadi mutu wapita, sadziwa na kumene ali. Koma ife tonse tinali kudziwa kuti aTicha analumbira kusachoka pa Zambezi, manda a akazi ao ali pamenepo. Ine kuyang'ana, maso ao akutsatira aliyense wokamba.

Ninatola khala. Ninalemba funso lija pa bwato, pansi pake ansa yolakwa dala, 5(x² + 3)⁴, nakhala monga namaliza. Mwana wao woyamba, aJoyce, ati iwe, usawavutitse adadi. Ine ninadziwa kuti aTicha akapanda kuona cholakwacho, ndiye kuti nathandiza ana ao kuwapakira katundu.

Mudala anayang'ana bwato nthawi yaitali. Kenaka dzanja lamanzere linayamba kufufuza pansi pa mpando, linapeza dambe, fyuu! Linaniphonya, linamenya nkhuku. Ninawapatsa khala, anawerama, nalemba: 2x.

Ninakuwa mpaka asodzi kudooko anamva! AJoyce masamu sanawamve, koma dambe analidziwa, nawonso linawalera. Anagwada nafunsa, "Adadi, mufuna kuyenda ku Lusaka?" Khala linayendanso pa bwato: AYI. Sanawatenge, m'malo mwake mdzukulu wao ndiye anabwera kukhala nao.

Lero nimaphunzira nekha pa foni, bandulo ya intaneti ikalola, ndipo nikaona bulaketi ili na pawa, msana umayamba wokha kuyabwa.

Manje imwe, munthu wanu atakhala duu pampando, onse akuti mutu wapita, mungamufunse funso lanji?