Ananditenga Pamodzi ndi Kompyuta ya Chipatala

Anzanga, izi si zongomva kwa wina ayi, zinandichitikira ineyo, ndipo amene ndinkagwira nawo ntchito angakuuzeni chimodzimodzi. Mayina sinditchula, poti ena mwa anthuwo akadalipo.

Kwathu ndi ku Chulu. Nditamaliza fomu folo ndinaphunzira kutaipa, ndiye ndinapeza ntchito yosunga makadi a odwala pa chipatala china cha mishoni. Inali nthawi ya chipani chimodzi, chakumapeto kwake, pamene mapepala odzudzula boma ankapezeka atamwazidwa m'misewu, wolemba osadziwika. Nthawi yomweyo anthu ena othandiza chipatala anatibweretsera kompyuta, ndipo asisitere oyang'anira anasankha ine kuti ndiiphunzire, ati zala zanga zinazolowera kale. Ndinkalowetsamo mayina a ana a katemera, amayi a sikelo, ndi mankhwala otsala. Ntchitoyo ndinkaikonda, moti ndinachita kusoka kansalu kovindikira makinawo kuopa fumbi.

Tsiku lina masana, nyengo yothyola fodya, kunabwera galimoto n'kutsikamo amuna atatu ovala majekete, dzuwa lonse lija. Moni sanapereke. Anafunsa kuti amagwira makina aja ndani, anzanga onse n'kungoyang'ana pansi, ndipo sindiwada, nanga inu mukanatani? Wamkulu wawo, bambo a imvi m'mbali mwa mutu, anati amva zoti mapepala aja akulembedwa pa makina ngati amenewa, choncho atenga makinawo pamodzi ndi wowagwiritsa ntchito. Asisitere anachonderera mpaka kunena kuti bola atengedwe iwowo, koma anauzidwa kuti abwerere kwa odwala awo.

Anandikhazika kumbuyo, kompyuta ili pamiyendo. Msewu wonse ndinkangoona minda ya fodya ikudutsa, matenanti atawerama m'mizere, ndipo ndinawasirira, ine amene ndinkanyada kuti ndinathawa khasu. Masiku amenewo munthu akatengedwa chonchi, abale ankangomva mphekesera, ena osabwereranso. Kunyumba ndinasiya mwana woyamwa ndi amayi anga, ndipo nditamuganiza mkaka unayamba kunyowetsa bulauzi, ine osatha ngakhale kudziphimba.

Tinafika pa ofesi ina ku boma, yopanda chikwangwani. Anandiuza ndilumikize nthambo, ndiyatse, ndiwaonetse zonse zili m'katimo. Tinadutsa chimodzichimodzi, katemera, sikelo, mankhwala, mpaka awiri aja anayamba kuyasamula. Koma ine mtima unali m'mwamba, chifukwa munalinso mayina a anthu opezeka ndi matenda atsopano aja amene sitinkawatchula n'komwe, ena aphunzitsi, ena akuluakulu a pa boma pomwepo. Nditafika pamenepo ndinachotsa manja. Sindidziwa mphamvu zake zinachokera kuti, ndinangozimva ndikunena kuti apa pali matenda a anthu, ndipo ndinalonjeza kusaonetsa aliyense kupatula adokotala.

Bambo a imvi aja anauza anzawo kuti atuluke, anatseka chitseko, n'kukoka mpando kudzakhala pafupi nane. Ine ndinayamba kupemphera chamumtima, kutsanzika mwana wanga.

Bambowo anayang'ana kompyutayo, kenako anafunsa motsitsa mawu. "Mayi, kodi ntchito imeneyi amaiphunzira kuti? Ndili ndi mwana wamkazi, fomu folo anakhoza bwino, koma wangokhala pakhomo."

Poyamba ndinayesa msampha. Koma anapitiriza kufunsa ngati kholo lililonse, kuti kodi ntchito yake ndi yokhalitsa, nanga amalemba anthu ndani. Ndinawayankha zimene ndinamva kwa otiphunzitsa, kuti mwanayo ayambe ndi kutaipa, ndipo kutsogoloku zipatala za boma, za mishoni, ngakhale tizipatala ta m'maesiteti a fodya tidzafuna anthu otere. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundiuza kuti ndizimitse makinawo, za mayina aja osazitchulanso. Dzuwa lisanalowe anandibweza pa geti ya chipatala, makina ndi ine yemwe. Kunyumba ndinapeza amayi atakhala pansi pakhonde, mwana ali kumsana, akulira maliro a munthu wamoyo.

Kunena zoona, zina zimene ndinawauza bambo aja ndinkangolankhula kuti ndipulumuke, koma zinadzachitikadi. Ine ndagwirapo ntchito m'chipatala cha boma, kenako ku bungwe lina loona za umoyo, mpaka kumaphunzitsa achinyamata, ndipo ena mwa iwo lero akupanga okha mapulogalamu a zipatala, ena akuyenda m'midzi ndi mafoni kulemba za ana odwala. Mwana wa bambo aja sindidziwa ngati anailowa ntchitoyi, mwina ndinamuphunzitsa osamuzindikira. Koma ndimakhulupirira kuti Mulungu anandipulumutsa kudzera mwa mtsikana ameneyo.

Ndiye inu achinyamata, makamaka atsikana, ntchitoyi iloweni, malo alipo ndipo akuchulukirachulukira. Koma dziwani kuti tsiku lina wina adzaima kumbuyo kwanu, mwina bwana, mwina m'bale wanu weniweni, n'kukuuzani kuti mumuonetse matenda a mnzake. Yankho lake mulikonzeretu lero, chifukwa tsiku limenelo mutu sugwira.