Mlandu Wopanda Unyolo

Kwawo ankamutcha Pensulo, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka ku koleji. Ena ankati n'chifukwa cha kuonda kwake, ena ankati n'chifukwa choti anayamba kujambula nyumba pamakoma asanadziwe n'kumanga zingwe za nsapato komwe. Bambo ake anali mmisiri womanga, munthu wa manja okhakhala ngati njerwa, amene anamangira anthu ambiri nyumba zokongola koma yawo inakhala yopanda pulasitala mpaka lero. Mwanayu anakulira pamchenga ndi simenti. Anzake akamasewera, iye ankakhala atagwira chingwe cha bambo ake, diso limodzi atatsinzina, kuona ngati mzere wa njerwa wawongoka. Atasankhidwa kukaphunzira zojambula mapulani a nyumba, palibe anadabwa kupatula bambo akewo, amene anati sankadziwa kuti zimenezo amachita kukhalira m'kalasi.

Tisabise, mtsikanayu anali wamakani. Maphunziro onse ankawakonda kupatula limodzi, la malamulo. Wophunzitsa wake anali mayi wina amene kale anali woweruza milandu, ndipo ophunzira anamupatsa dzina loti Mayi Ndime, chifukwa ukangotsegula pakamwa ankafunsa kuti zimenezo zili pa ndime yanji. Pensulo ankakhala kumbuyo n'kumajambula masitepe m'mphepete mwa pepala. Tsiku lina anawauza mayiwo maso ndi maso kuti iye anabwera kudzajambula nyumba, osati kudzavala mkanjo wakuda. Mayiwo sanakwiye. Anangomuyankha kuti mzere uliwonse umene adzajambule udzadutsa pamalo a munthu, pafupi ndi zenera la munthu, kapena pamwamba pa mutu wa munthu.

Kenako anajambula mtengo pabolodi. Nthambi imodzi inali ya malamulo a pakati pa boma ndi munthu: milandu ya upandu, ndiponso zilolezo zomangira zimene khonsolo imapereka. Nthambi ina inali ya pakati pa munthu ndi munthu mnzake: mapangano a ntchito, malire a malo, ndi kuwonongera mnzako zinthu chifukwa chosasamala. Kumizu analembako kuti munthu saweruzidwa asanapatsidwe mpata wolankhula, ndipo woneneza mnzake ndiye amabweretsa umboni. Pensulo anakopera zonsezo poopa mayeso basi, n'kunong'oneza mnzake kuti mtengowo wapendekeka.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera ndi ukali. Khoma la mpanda limene bambo ake anamangira mwini golosale wina linagwa, n'kugwera m'kachipinda ka mayi wina wa telala amene ankakhala kuseri kwake. Mwamwayi munalibe munthu, koma makina osokera anaphwanyika ndipo nsalu za eni zinathera m'matope. Mayi wa telalayo anakasuma, ndipo chisamani chinafika kwa mwini golosale ndi kwa mmisiri yemwe.

Pensulo atabwera kunyumba kumapeto kwa sabata, anapeza amayi ake maso ali psuu, chikwama cha bambo ake chitalongedzedwa, zida zawo zitakulungidwa m'thumba la simenti. Bambowo anali atamanga mfundo yothawira kutali kwa achimwene awo mpaka nkhani itazizira. Vuto linali mawu amodzi. Wakuba mbuzi timati ali ndi mlandu, wobaya mnzake ali ndi mlandu, wogwetsa khoma nayenso ali ndi mlandu. Kwa bambo ake a Pensulo mawu amenewa ankatanthauza apolisi, unyolo ndi ndende, basi.

Mtsikanayo anawerenga pepalalo ndipo anaona kuti wodandaula si boma, koma mayi wa telala. Mtengo wopendekeka uja unamubwerera m'mutu. Anayesa kufotokoza kuti milandu ili mitundu iwiri, kuti uwu ndi wa munthu ndi munthu, ndipo khoti likungofuna kudziwa amene akonze zowonongekazo.

"Mlandu ndi mlandu, mwanawe," anatero bambo ake. "Sukulu yako yaposachedwayi isandiphunzitse khoti."

Zinamuwawa, koma sanagwe mphwayi. Anabisa chikwama chija pansi pa bedi la amayi ake, ndipo Lolemba m'mawa anakagogoda pa ofesi ya Mayi Ndime, manyazi ali tho. Mayiwo sanamukumbutse za mkanjo wakuda. Anamuuza kuti wawerenga bwino, munthu samangidwa pa mlandu woterewu. Koma anamuchenjeza kuti bambo ake akapanda kupita, khoti lidzamva mbali ya mwini golosale yokha, ndipo likhoza kugamula iwo kulibe. Mpata wolankhula umaperekedwa, koma sakakamiza munthu kuugwiritsa ntchito. Pensulo akutuluka, mayiwo anamufunsa funso limene linamusowetsa mtendere: kodi bambo akewo ankadziwa kuti khomalo linali lofooka?

Pensulo anapita kukaona yekha. Khomalo linali lalitali, zipilala zake zotalikirana, lopanda n'kabowo kamodzi komwe kotulutsira madzi, pamene m'kati mwa mpandawo mwini golosale anathiramo dothi lambiri pokweza bwalo lake. Madzi anasowa kolowera n'kulikankha. Ali pomwepo anamvanso zimene mwini golosaleyo ankafalitsa, zoti mmisiri ankaba simenti n'kumamangira mchenga. Anapsa mtima kwambiri, chifukwa bambo ake anali ndi zofooka zawo, koma sanabepo ngakhale msomali. Akanathawa, bodza limenelo ndi limene likanatsala, ndipo palibe akanawapatsanso ntchito.

Anawapeza bambo ake kukhonde akupala mpeni wawo womangira, ndipo anakhala pansi pafupi nawo. Anawafunsa bwinobwino za zipilala ndi mabowo. Bambowo anavomera kuti anamuuza mwini golosale kuti pakufunika zipilala zambiri ndi potulukira madzi, koma iye anakana, akuti zichedwetsa ntchito ndiponso mabowo alowetsa makoswe.

"Ndiye munamangabe, Bambo?"

"Khoma ndi lake. Ine ndikanatani?"

"Mukanakana. Munkadziwa kuti kuseriko kumakhala munthu. Pamenepo nanunso muli ndi mbali yanu, ndipo mukakanene choncho ndi pakamwa panu. Koma za simenti ndi bodza, ndipo palibe wina angakalitsutse."

Chibadwire anali asanawauzepo bambo ake kuti alakwa. Amayi ake, amene ankamvetsera pakhomo, anabwerera m'nyumba mwakachetechete. Bambowo anati zonsezo wazinena bwino, koma iwo kukhoti sapondako. Apo Pensulo anatulutsa makani ake onse. Anawauza kuti ngati athawe, iyenso ku koleji sabwererako, chifukwa sangamajambule nyumba za anthu bambo ake akubisala ngati mbava. Ndipo sanali kungoopseza. Sabata imeneyo sanapite m'kalasi. Ankadzuka m'mawa, kusesa, kuchapa, n'kukhala pakhonde pomwe bambo ake angamuone. Amayi ake anamuchonderera, achimwene ake anamukalipira pafoni, iye osasuntha.

Tsiku la mlandu, bambowo anatuluka m'chipinda atavala jekete lawo la kumaukwati, jumbo yakuda ili m'manja, n'kungoti, "Tiye."

Chipinda cha khoti chinali chaching'ono kuposa momwe ankaganizira: mabenchi ngati a m'kalasi, tebulo lalitali kutsogolo, fani yosazungulira kudenga. Mayi wa telala anafotokoza za makina ake modekha, osanyoza munthu. Mwini golosale ananena za simenti yobedwa, koma woweruza atamufunsa umboni anayamba kuyang'ana kudenga. Kenako woweruza anaitana mmisiri. Bambowo anaimirira, jumbo ataikumbatira pachifuwa. Mawu anayamba motsika, koma atafika pa zipilala ndi mabowo analankhula ngati ali pantchito. Ananena zimene analangiza, zimene anakanizidwa, ndipo pomaliza anati iwo analakwa kumanga chinthu chimene mtima wawo unkachikana. Mwini golosale atafunsidwanso, anavomera kuti za mabowo anauzidwadi.

Woweruza anawapatsa mpata woti agwirizane, ndipo chimene anagwirizanacho chinalembedwa ngati chigamulo. Mwini golosale abwezere makina ndi nsalu, agulenso zipangizo. Mmisiri amangenso khomalo ndi kachipinda kaja ndi manja ake, potsata pulani yovomerezedwa ndi khonsolo. Anthu anayamba kutuluka, koma bambowo anakhalabe pabenchi akuyang'ana wapolisi wa pakhomo. Wapolisiyo ankangoyasamula.

"Zatha, Bambo. Tiyeni kunyumba."

Ali panja, Pensulo anawalandira jumbo ija kuti awanyamulire. Inali yolemera kuposa mapepala. Atasuzumira anaonamo bulangete, sopo, kapu ya pulasitiki ndi mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi. Anaima pakati pa msewu.

"Ndiye simunandikhulupirire?"

"Ayi," anatero bambowo, akupukuta thukuta ndi mkono wa jekete. "Ine ndimadziwa kuti lero ndigona m'kati. Amayi ako ndawauza kale kogulitsa zida."

"Nanga munabwereranji?"

"Unati sukulu usiya. Ndinaona kuti bola ndende."

Pensulo anafuna kuwakalipira, koma misozi inangotsika yokha. Bambo ake anayang'ana kumbali ngati sakuona, n'kuyamba kuimitsa minibasi. Iye anamanga jumboyo pakamwa, anaikolowetsa kumkono, n'kuwatsatira.